Mafuta ophikira: oopsa ndi ati?

Pa WhatsApp ndi pa Facebook pakuzungulira mauthenga akuti mafuta onse a m'botolo ndi poizoni, ndipo majarini akuti ndi pulasitiki. Zimenezi si zoona. Mafuta oopsa alipodi, koma ndi mtundu umodzi wodziwika bwino.

Mu 1902, Wilhelm Normann wa ku Germany analembetsa njira yolimbitsira mafuta amadzimadzi powaphatikiza ndi mpweya wa hydrogen. Mafakitale anaikonda njirayi chifukwa mafuta otere ndi otchipa ndipo mabisiketi ophikidwa nawo amakhalitsa pa shelefu. Koma mafuta akalimbitsidwa mosamaliza, mumapangika mafuta otchedwa trans fat. Amenewa amachulukitsa kolesitolo woipa m'magazi n'kuchepetsa wabwino, ndipo mitsempha imatsekeka pang'onopang'ono. Munthu samva ululu uliwonse kwa zaka zambiri, kenako matenda a mtima amangomugwetsa.

N'chifukwa chake dziko la Denmark linalamula mu 2003 kuti trans fat asapitirire magalamu 2 pa magalamu 100 alionse a mafuta. South Africa inachita chimodzimodzi mu 2011, ndipo mu 2018 bungwe la WHO linapempha maiko onse kuti achotse mafutawa m'zakudya.

Mukamagula mabisiketi, makeke kapena majarini yolimba, tembenuzani paketi. Mukaona mawu akuti "partially hydrogenated", ibwezeni. Akuti "fully hydrogenated" ndi nkhani ina: trans fat amakhalamo ochepa kwambiri.

Mafuta a mpendadzuwa, a soya ndi a mtedza ndi abwino mukamathira moyenera. Kuno ku Malawi mafuta ophikira amawonjezeredwa vitamini A, amene amateteza maso a ana, choncho mayi wowasiya chifukwa cha uthenga wa pafoni akumumana mwana wake chinthu chofunika. Ndipo mafuta a kanjedza akaundana m'nyengo yozizira ya June ndi July, musadandaule. Ndi chibadwa chawo.

Chotidetsa nkhawa kwambiri chili pa chiwaya. Mafuta okazingira tchipisi kapena mandasi mobwerezabwereza mpaka kuda amawonongeka ndipo amatulutsa zinthu zovulaza thupi. Akada, akayamba thovu kapena kununkha, atayeni ngakhale zikupweteka m'thumba.

Uthenga wosatchula amene waulemba, kapena wothera pokugulitsani mankhwala "otsuka magazi", musautumize kwa ena. Kaufunseni kaye kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu kapena ku chipatala.