Kompyuta Ikakana Nambala: Mafunso ndi Mayankho kwa Alembi a Chuma ku Kafue

Kodi n'chifukwa ninji pulogalamu ya bajeti imakana ndalama zimene ndalemba, chonsecho masamu ake ndi olondola?

Pakuti m'mabuku a chuma cha boma ndalama siyenda yokha, koma imatsagana ndi mayina ake, ndiwo nthambi yoigwiritsa ntchito, thumba limene yachokera, ntchito imene ikukagwira, wadi imene ikupita ndi chaka chake. Ndipo magawo amenewa, amene akatswiri amawatcha ma dimension, anawaikira malamulo onena liti lingayende ndi liti. Mukalemba simenti ya chipatala pansi pa thumba la mabasale, pulogalamu siifunsa ngati simentiyo ikufunika, imangotseka khomo.

Nanga zimenezi zikutikhudza bwanji ife a ku Kafue?

Pamene boma la Zambia linakweza thumba la chitukuko cha madera a aphungu, lotchedwa CDF, m'chaka cha 2022, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense, linagawiratu chumacho: magawo 5 pa 100 oyendetsera ntchito, ndipo pa zotsalazo 60 a chitukuko cha m'madera, 20 otukulira achinyamata ndi amayi, 20 a mabasale. Mlembi wa ku khonsolo ya Kafue amene angasakanize matumba amenewa, ngakhale mwa kutopa chabe dzuwa litapendeka, wadyetsa njerwa ndalama za mwana wasukulu. Ndipo popeza mlandu suwola, ofesi ya Auditor General idzaufukula chaka chamawa, pomwe kuukana tsiku lomwelo kukanatenga mphindi imodzi.

Kodi tsono malamulowa amathetsa kuba?

Iyayi, ndipo amene amatero akudzinyenga. Lamulo lotere limayesa ngati mayina akugwirizana, koma siliona ngati mjigo unakumbidwadi. Abale athu a ku Malawi analiphunzira zimenezi ndi misozi m'chaka cha 2013, pa mlandu wa Cashgate ku Capital Hill, pamene mabiliyoni a kwacha analipidwa kudzera mu IFMIS, pulogalamu yoyendetsera chuma cha boma, kwa makampani amene sanapereke katundu aliyense, kenaka zolembedwazo n'kufufutidwa. Pakuti anthu amene anali ndi mphamvu zolemba, zovomereza ndi zofufuta sanayang'aniridwe monga kunayenera. Ine ndiyesa kuti funso lalikulu kwa mkulu wa zachuma aliyense ndi lakuti: ndani ali ndi chilolezo chosintha malamulowo, ndipo akasintha zimalembedwa kuti?

Ndichite chiyani ngati ntchito ili yoona koma pulogalamu yakanabe?

Musaiponye pa mzere wina umene uli wotseguka, ndipo musabwereke password ya mnzanu, pakuti dzina lake ndilo lidzaitanidwe. Lemberani mkulu wa zachuma, mutchule magawo amene akanidwa ndi chifukwa chake ayenera kuyendera limodzi, kuti iye alamule kuti lamulolo likonzedwe, kalata yanu n'kutsala m'failo.