Dengu la ku Arnhem Land: mafunso ndi mayankho pa luso la amayi Achiaborijini

Kumpoto kwa dziko la Australia kuli amayi amene amaluka madengu, mikeka ndi zikwama pogwiritsa ntchito masamba a mtengo wa m'madambo, atawanyika mu utoto wa mizu ya m'tchire. Zoluka zawo zimaonetsedwa m'nyumba zikuluzikulu za zaluso ku Darwin, Canberra ndi Sydney, komabe ambiri mwa iwo amakhala m'midzi momwe ntchito yolembedwa ndi yosowa ndipo zakudya za m'sitolo n'zodula. Kabuku kano kakuyankha mafunso a munthu amene akufuna kudziwa mmene lusoli limayendera, ndiponso mmene angalithandizire popanda kuwadyera masuku pamutu eni ake.

Kodi anthu amenewa ndani, nanga Arnhem Land ili kuti?

Aaborijini ndiwo eni nthaka a Australia. Akhala m'dzikomo zaka zoposa 50,000, ndipo Angerezi anawapeza pamene anadzakhazikika mu 1788. Pa kalembera wa mu 2021, anthu oposa 800,000 ananena kuti ndi Aaborijini kapena a ku zilumba za Torres Strait. Si mtundu umodzi ayi: ali ndi zilankhulo zambiri ndi mafuko ambiri.

Arnhem Land ndi dera lalikulu kum'mawa kwa mzinda wa Darwin, m'chigawo cha Northern Territory. Boma linalipatula kuti likhale la Aaborijini mu 1931, ndipo lamulo la mu 1976 linabwezera umwini wa malowo m'manja mwawo. Mpaka lero mlendo salowako chilowelowe, amayamba wapempha chilolezo. Chakumadzulo kuli anthu olankhula Kunwinjku, chakum'mawa kuli a Yolngu. M'dzinja mitsinje ikadzaza, misewu imaduka kwa miyezi, ndipo midzi yambiri imafikirika pa ndege kapena pa sitima ya pamadzi basi.

Amalukira chiyani, ndipo amachipeza bwanji?

Amalukira masamba a mtengo wa pandanus, umene a Yolngu amautcha gunga. Amene anaonapo amayi akung'amba mlaza woti alukire mkeka sangadabwe ndi ntchitoyi, kungoti tsamba la pandanus lili ndi minga m'mbali zonse ziwiri ndi pamsana pake.

Amayi amalawirira m'mamawa dzuwa lisanawawe, ali kagulu, ana ndi adzukulu ali pambuyo. Sadula mtengo. Amatenga ndodo yaitali yokhota kunsonga, n'kukowa masamba anthete amene ali pakati penipeni pa nsonga ya mtengo, amene sanatambasuke. Akawakoka amazuka, ndipo mtengowo umadzaphukanso. Mitolo ikakwana amakhala pamthunzi. Mayi amapinda tsamba chakunsonga, n'kulowetsa chikhadabo, n'kulisenda kuti lipatuke pawiri, minga n'kutayidwa. Amene akuphunzira amalasidwa zala mpaka magazi, ndipo tsamba limamudukira panjira. Agogo amasenda akucheza, osayang'anako n'komwe. Akatha kusenda amayanika luzilo padzuwa kuti liume. Apa dengu silinayambe n'komwe, koma tsiku lapita, mwinanso masiku awiri.

Nanga utoto umachokera kuti?

Umachokera pansi. Pali kachitsamba kamene mizu yake ndi yachikasu, ndipo kuti aipeze amakumba nthaka youma gwa ndi chitsulo kapena ndodo yosongoka. Akafukula muzu amaupala khungwa, n'kulisinja pamwala, n'kuliphika mumphika pamodzi ndi luzi. Luzilo limatuluka lachikasu. Akafuna mtundu wina amawaza phulusa la mitengo yosankhika m'madzi omwewo, ndipo pomwepo, maso akuona, madziwo amasanduka ofiirira mpaka ofiira. Palinso chomera china chokhala ngati udzu, cha tsinde lofiira pansi pa nthaka, chimene akatswiri a zomera amachitcha Haemodorum. Chimapereka mitundu yofiirira ndi yoderako. Masamba ndi zipatso zina zimapereka mitundu yawoyawo, malinga ndi nyengo.

Zonsezi sizinalembedwe m'buku. Muzu uti, wa pamalo ati, mwezi uti, phulusa lochuluka bwanji: zili m'mutu mwa amayi, ndipo zina zili ndi mwini wake. Mayi Margaret Rarru Garrawurra, amene zoluka zawo zimagulitsidwa kudzera ku nyumba ya zaluso ya m'mudzi wa Milingimbi, ndiwo anakonza njira yopezera utoto wakuda bii kuchokera ku zomera za kwawo. Anzawo amawalemekeza monga mwini wa utotowo, moti kuluka chinthu chakuda chokhachokha n'kwa iwo ndi amene awaloleza. Mu 2022 mayiwa anapata mphoto yaikulu ya Telstra, ya madola 100,000 a ku Australia, pa mpikisano wa zaluso za eni nthaka umene umachitikira ku Darwin. Chimene analuka chinali thanga la ngalawa, lokumbutsa za amalonda a ku Makassar, ku Indonesia, amene ankabwera kugombelo chaka ndi chaka mpaka mu 1907.

Tamva kuti kunyika mumphika kunabwera ndi amishoni. Ndiye kuti si mwambo weniweni?

N'zoona kuti kuphika luzi mu utoto kunafala pamene miphika yachitsulo inafika, m'nthawi ya mamishoni. Kale ankaluka kaye kenako n'kupaka dothi lofiira, loyera kapena lachikasu pamwamba. N'zoonanso kuti kalukidwe kozunguliza, kosoka mtolo wa luzi ndi singano, anakaphunzitsa ndi mmishoni wina, Gretta Matthews, pa chilumba cha Goulburn m'zaka za m'ma 1920, ndipo iyenso anakatengera kwa Aaborijini a kum'mwera. Kalukidwe kopota luzi liwiri, ka madengu osongoka pansi ndi miono ya nsomba, ndi kamene kali kamakedzana.

Koma amene amati mwambo uyenera kuuma pamalo amodzi kuti ukhale weniweni akulakwa. Mphika unachokera kunja, inde, koma wodziwa muzu woti alowetsemo anali mayi wa komweko. Mmishoni sanakumbe mizu imeneyo.

Kuluka dengu kukukhudzana bwanji ndi umoyo wa anthu m'mudzi?

Aaborijini amakhala ndi moyo wofupikirapo ndi zaka pafupifupi 8 poyerekeza ndi anthu ena a ku Australia. Matenda a shuga, a impso ndi a mtima ndi ofala m'midzi yakutali, ndipo mabanja ambiri adakali ndi mabala a nthawi imene boma linkalanda ana kwa makolo awo. Dengu palokha silingachize zimenezi, ndipo tisaname kuti lingatero.

Komabe taonani zimene zimachitika pa ulendo wokatenga masamba. Anthu amayenda mtunda, amakumba, amasenza. Pobwerera amakhala atatola nkhono za m'matope, atakumba zilazi zam'tchire, atawedza nsomba, ndipo tsiku limenelo banja silidya za m'zitini. Mwana amamva mayina a mitengo m'chilankhulo cha agogo ake, amauzidwa kuti dambo ili ndi la fuko liti, kuti apa sitiyandikira chifukwa pali ng'ona, kuti apo m'popatulika. Mayi wachikulire amene kuchipatala amangomuona ngati wodwala, kutchire ndiye mphunzitsi, ndipo onse amadikira mawu ake.

Madokotala anaziyezapo zimenezi. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2009 mu Medical Journal of Australia anayang'ana anthu akuluakulu 298 a ku Arnhem Land. Anapeza kuti amene ankatenga mbali kwambiri pa ntchito zosamalira malo a makolo awo, kuphatikizapo kupanga zinthu za manja, anali ochepa thupi moyenera, ndipo shuga ndi kuthamanga kwa magazi sizinkawavuta kwambiri ngati anzawo. Kafukufukuyo anaonetsa kuti ziwirizi zimayendera limodzi. Eni nthaka ankanena zomwezo kalekale: dziko likakhala bwino, anthunso amakhala bwino.

Ndalama za dengu zimafika bwanji kwa woluka?

Njira yodalirika ndi nyumba za zaluso za m'midzi, zimene eni ake ndi aluso omwewo ndipo amasankha okha komiti yoziyendetsa. Ku Gunbalanya kuli Injalak Arts, imene inatsegulidwa mu 1989. Ku Ramingining kuli Bula'bula Arts. Ku Yirrkala kuli Buku-Larrnggay Mulka. Ku Maningrida ndi ku Milingimbi kulinso zawo. Mayi akabweretsa dengu, ogwira ntchito amalijambula, amalemba dzina lake, fuko lake ndi zimene walukira, n'kupereka chikalata chotsimikizira kwa wogula. Gawo lalikulu la ndalama limapita kwa woluka. Lotsalalo limagula mafuta a galimoto yopitira kutchire, kulipira ogwira ntchito ndi kutumiza katundu kumizinda.

Nyumba zimenezi zimachita zambiri kuposa kugulitsa. Ndi pamene nkhalamba imamwera tiyi m'mawa, pamene munthu amathandizidwa kuwerenga kalata ya ku banki, pamene anamfedwa amapeza thandizo la maliro. Ndipo ndalama ya woluka siikhala m'thumba limodzi. Mwambo wawo ndi wogawana ndi abale, moti dengu limodzi limadyetsa makomo angapo. Tisabise: aluso ambiri amapeza zochepa pa chaka, zongowonjezera pa thandizo la boma. Opata mphoto zazikulu ndi owerengeka.

Nanga zinthu zotchipa zimene zadzaza m'masitolo a alendo odzaona malo?

Apa ndi pamene pali bala. Bungwe la boma lofufuza za chuma, Productivity Commission, linanena mu 2022 kuti malonda a zaluso za eni nthaka anafika pafupifupi madola 250 miliyoni m'chaka cha 2019 mpaka 2020, koma kuti pa zikumbutso zitatu zilizonse zooneka ngati Zachiaborijini, ziwiri n'zonamizira: palibe Mwaborijini amene anazikhudza. Mu 2019 khoti linalamula kampani ya Birubi Art kulipira chindapusa cha madola 2.3 miliyoni chifukwa chogulitsa zinthu zopangidwa ku Indonesia ngati kuti anazipenta ndi Aaborijini ku Australia. Mlanduwo unali wonamiza ogula. Kutengera kalembedwe ka eni nthaka, wosanena bodza loonekera, n'kumene kwakhala kovuta kukuletsa.

Palinso amalonda amene amapita kwa aluso mwachindunji, makamaka okalamba osadziwa bwino Chingerezi, n'kuwapatsa kangachepe kapena galimoto yakutha, iwo n'kukagulitsa pa mtengo wokwera kumzinda. Pofuna kuthana ndi khalidweli kunakhazikitsidwa ndondomeko yotchedwa Indigenous Art Code, imene ogulitsa achilungamo amasainira, kungoti n'njosakakamiza. Kuyambira mu 2010 kulinso lamulo loti chinthu chaluso chikagulitsidwanso pa madola 1,000 kapena kuposerapo, waluso alandire magawo 5 pa 100 alionse.

Koma mtengo wa dengu lenileni ndi wokwera. Si kudula kumeneko?

Ayi. Werengani masiku okowa masamba, osenda, oyanika, okumba mizu, ophika, ndi masabata oluka. Mukagawa mtengowo ndi maola amenewo, mupeza kuti mayiyo walandira zochepa kuposa wogwira ntchito wamba wa mumzinda.

Ine ndingathandize bwanji?

Ngati muli ku Australia pa sukulu kapena pa ntchito, kapena mukufuna kutumiza mphatso kumudzi, gulani ku nyumba za zaluso za eni ake. Zambiri zimagulitsa pa intaneti, ndipo chaka chilichonse mu Ogasiti zimasonkhana pa chionetsero cha Darwin Aboriginal Art Fair. Mukalowa m'sitolo ina iliyonse funsani mafunso atatu: analuka ndani, kwawo n'kuti, ndipo walandira zingati? Wogulitsa wachilungamo amayankha mosavuta. Akayamba kuzemba, tulukani. Musajambule waluso kapena kutengera kalembedwe kake musanapemphe, pakuti zizindikiro zina ndi za fuko ndipo zili ndi malamulo ake.

Ngati ku Australia simudzafikako, mafunso atatu omwewo akugwira ntchito pamene mukugula mkeka, dengu kapena mpando wa nsungwi kwa ogulitsa a m'tauni kwathu kuno. Ndipo mukakumana ndi woluka mwini wake m'mphepete mwa msewu, akakuuzani mtengo woyenera, musamunenerere mpaka agonje chifukwa cha njala ya ana ake. Lipirani.