Wisiki ndi uchi: mafunso ndi mayankho pa kapangidwe ka Rusty Nail

Achinyamata a kwa Ndamera ndi madera ena a ku Nsanje amene amapeza ntchito ya m'bala m'malo ogona alendo, kaya ku Majete, ku Lengwe, ku Nchalo kapena ku Blantyre, amakumana ndi alendo oitanitsa zakumwa zomwe kumudzi sitizidziwa. Chimodzi mwa izo ndi Rusty Nail. Kabuku aka talembera iwowo, ndipo n'ka anthu okhawo amene akwanitsa zaka 18.

Kodi Rusty Nail n'chiyani?

Ndi chakumwa chosakaniza zinthu ziwiri zokha, wisiki wa ku Scotland ndi Drambuie, chothiridwa pa ayisi. Drambuie amapangidwa kuchokera ku wisiki, koma ndi wotsekemera chifukwa amamuthira uchi, zitsamba ndi zonunkhiritsa zimene eni ake saulula. Chakumwachi chinatchuka ku America m'zaka za m'ma 1960, makamaka ku New York.

Nanga Drambuie anachokera kuti?

Kwawo ndi pachilumba cha Skye ku Scotland. Eni ake amasimba kuti kalonga Charles Edward Stuart, atagonja pa nkhondo ya Culloden mu 1746, anathawira kumeneko n'kusiyira banja la MacKinnon chinsinsi cha kapangidwe kake. Imeneyo ndi nkhani yapakamwa. Zolembedwa n'zakuti dzina la Drambuie linalembetsedwa mu 1893 kudzera mwa James Ross wa hotela ya Broadford, ndipo mu 2014 kampani ya William Grant & Sons inagula bizinesiyo.

Ndipange bwanji?

Tengani tambula yaifupi, yotakata kukamwa, yokhuthala pansi. Ikanimo ayisi. Thirani wisiki mamililita 45, kenaka Drambuie mamililita 25. Uwu ndiye muyezo umene bungwe la International Bartenders Association limagwiritsa ntchito. Takasani pang'onopang'ono ndi supuni yaitali mpaka tambula ichite thukuta kunja. Musakhutchumule, chakumwachi chimayenera kuoneka mbee, chopanda thovu.

Pomaliza sendani kakhungu ka ndimu, kopyapyala, osafika pa choyera cham'kati chija chifukwa n'chowawa. Kapindeni pamwamba pa tambula. Mukayang'anitsitsa muona timadontho ta mafuta tikuthothoka n'kuyandama pamwamba pa chakumwa. Fungo limenelo ndilo limayamba kumufika mlendo asanalawe n'komwe. Kakhunguko kagwetsereni momwemo.

Chonde yezani, musamathire mwa diso. Drambuie akachuluka pang'ono chabe, chakumwa chimasanduka manyuchi ndipo wisiki samvekanso. Alipo alendo amene amakonda chosatsekemera kwambiri. Amenewo achepetsereni Drambuie, ndipo kufunsa musanathire sikulakwa.

Kuno kumatentha kwambiri. Ayisi sasungunuka msanga?

Amasungunukadi. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa m'chigwa cha Shire kumapitirira madigiri 40. Ayisi wophwanyaphwanya amatha mlendo asanamwe kawiri, chakumwa n'kusanduka madzi. Gwiritsani ntchito chibuma chimodzi chachikulu, choumitsidwa ndi madzi owiritsa kapena a m'botolo, ndipo tambula muyambe mwaiziziritsa m'furiji. Magetsi akazima ayisi n'kufewa, muuzeni mlendo zoona kusiyana n'kumupatsa chofunda.

Drambuie sapezeka wamba ndipo ndi wodula. Uchi wakwathu kuno sungagwire ntchito?

Ungathe, ndipo pano m'pamene ife a ku Nsanje tili ndi mwayi. Alimi a njuchi amapachika ming'oma m'nkhalango monga ya Matandwe, ndipo uchi wa m'tchire uli ndi fungo lakelake lochokera ku maluwa a mitengo yathu. Wa mu Drambuie ndi wa maluwa a heather a m'mapiri a ku Scotland, choncho kakomedwe sikangafanane ndendende.

Uchi musauthire mwachindunji pa ayisi. Umalimba n'kumatirira pansi pa tambula. Yambani mwausefa pa kansalu koyera kuti phula ndi zinyalala zitsale. Sakanizani kapu imodzi ya uchi ndi kapu imodzi ya madzi otentha koma osawira, ponyanimo kamtengo ka sinamoni ndi khungu la lalanje, muvundikire mpaka zizizire. Sefaninso, sungani m'botolo loyera m'furiji, ndipo pangani wochepa woti uthe m'masabata awiri. Pa wisiki mamililita 50 thirani mamililita 15 a madzi a uchiwa.

Koma mlendo musamunamize kuti ameneyu ndi Rusty Nail. Muuzeni kuti ndi wisiki wa uchi wa ku Nsanje. Ine ndimaona kuti dzina limeneli silochititsa manyazi mpang'ono pomwe, ndipo ndalama yake imafika kwa mlimi wa njuchi.

Bwanji osangothira uchi mu kachasu?

Ayi. Kachasu wotchezedwa kumudzi, kaya wa masau kaya wa shuga ndi gaga, mphamvu yake sidziwika. Botolo la lero limasiyana ndi la mawa. Uchi umabisa ukali wake, munthu n'kumwa wambiri osazindikira. Mowa wa m'masacheti unaletsedwa m'dziko muno chifukwa cha mavuto a mowa waukali wotchipa, ndipo kutsekemeretsa kachasu n'kubweretsa vuto lomwelo.

Kodi chakumwachi n'champhamvu bwanji?

Wisiki ndi Drambuie onse ali ndi mphamvu ya 40 peresenti, ndipo mulibe soda kapena juwisi woti achepetse. Tambula imodzi ikufanana ndi mabotolo pafupifupi awiri a mowa wamba a mamililita 330. Ichi n'chakumwa chomwera pang'onopang'ono munthu atadya. Mayi woyembekezera, mwana, ndi aliyense amene akayendetse galimoto, njinga yamoto kapena bwato pa Shire musawapatse. Mlendo akaitanitsa tambula yachitatu, muikireni madzi akumwa patebulo ndipo mufunse mmene abwererere kumene akugona.