Phunziro la Umoyo wa Mabanja: Kodi Mwana Ayambe Liti Kudya Phala?

Pamisonkhano ya chitukuko m'mawodi athu nthawi yambiri imathera pa nkhani za mijigo, milatho ndi midadada ya sukulu. Zonsezo n'zofunika, komabe pali chitukuko china chimene chimachitikira m'nyumba, pa mphasa, ndipo amachiyendetsa ndi mayi, bambo ndi agogo. Ndi funso la tsiku limene khanda liyenera kulawa chakudya china kupatula bere. Kafukufuku wa dziko lonse wa za umoyo wa mabanja wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osafika zaka 5 m'Malawi muno anali opinimbira. Kupinimbira kumayamba msanga, m'masiku 1,000 oyambirira, kuwerengera pamene mayi waima kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndipo kukakhazikika n'kovuta kukonza.

Yankho la Unduna wa Zaumoyo, lomwenso ndi la mabungwe a WHO ndi UNICEF, ndi lakuti mwana ayamwe mwakathithi kwa miyezi isanu ndi umodzi, osalawa madzi, tiyi, phala kapena mankhwala a zitsamba. Chololedwa ndi mankhwala okhawo amene achipatala apereka. Miyezi 6 ikakwana, ayambe kudya zakudya zowonjezera uku akupitiriza kuyamwa mpaka zaka ziwiri kapena kupitirirapo. Kafukufuku yemwe uja anasonyeza kuti mwa ana osafika miyezi 6, 61 okha mwa 100 ndiwo ankayamwa mwakathithi. Enawo anali atayamba kale kupatsidwa zina.

Tisafulumire kudzudzula amayi. Amene amayambitsa phala mwana ali ndi miyezi itatu sachita zimenezi chifukwa chosasamala. Mwana akulira usiku wonse, ndipo agogo, mwa chikondi chawo, akuti, "Mwanayu ali ndi njala, bere lokha silikumukwanira." Mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo, munthu wamkulu akumwa madzi pafupipafupi, ndiye zimaoneka ngati nkhanza kumana khanda madzi. Nthawi ya dzinja mayi alawirira kumunda kapena kuganyu, mwana watsala ndi mchemwali wake wamng'ono, ndipo chomutonthozera chimene chilipo ndi phala lamadzimadzi. Wogwira ntchito yolembedwa naye ali ndi vuto lake, pakuti tchuthi chauchembere chimene lamulo la ntchito limatsimikiza ndi masabata 8 basi.

Zifukwazi n'zomveka, koma thupi la khanda silisintha chifukwa cha izo. Mkaka wa m'mawere mbali yake yaikulu ndi madzi, kotero mwana woyamwa pafupipafupi samva ludzu ngakhale kutenthe chotani. Mimba yake ndi yaing'ono kwambiri. Phala la ufa woyera likalowamo limatenga malo a mkaka, chonsecho ilo lilibe mphamvu yofanana ndi mkakawo. Mwana akakhuta phala amachepetsa kuyamwa, ndipo bere losayamwidwa kawirikawiri limachepetsanso mkaka. Apa ndi pamene mawu aja akuti "mkaka wandithera" amasanduka oona, pamene poyamba sanali oona. Chinanso, madzi ndi ziwiya zimabweretsa tizilombo m'matumbo amene sanakhwime, mwana n'kuyamba kutsegula m'mimba. Kwa mayi amene ali ndi kachilombo ka HIV, kusakaniza bere ndi zakudya zina miyezi 6 isanakwane kumawonjezera mpata wopatsira mwana kachilomboko, n'chifukwa chake iye amalangizidwa kuyamwitsa mwakathithi ndi kumwa ma ARV mosadumphitsa.

Kulira si umboni wa njala nthawi zonse. Umboni wodalirika uli m'kabuku ka kusikelo. Ngati mzere wa kulemera kwa mwana ukukwera mwezi ndi mwezi, ndipo akukodza kangapo pa tsiku, ndiye kuti mkaka ukumukwanira. Mzerewo ukaima kapena kutsika, pitani kwa mlangizi wa zaumoyo kapena kuchipatala mphika wa phala usanatereke, chifukwa kawirikawiri vuto limakhala kaikidwe ka mwana kubere kapena matenda. Mayi wochoka pakhomo angathe kufinyira mkaka wake m'kapu yoyera yovundikira, womlera mwana n'kumamumwetsa ndi kapu.

Kuchedwa nakonso kuli ndi ngozi yake, ngakhale kuti sikukambidwa kwambiri. Mwana amabadwa ndi nkhokwe ya ayironi m'thupi, ndipo nkhokweyi imayamba kutha cha pa miyezi 6. Kuyambira pamenepo mkaka wokha sukwaniritsa zonse zimene thupi lomakula likufuna. Mwana wofika miyezi 8 kapena 9 asanayambe kudya amachepa magazi, amaleka kukwera sikelo, ndiponso amavuta kuphunzira kutafuna.

Tsiku lenileni muliwerenge kuchokera pa tsiku lobadwa lolembedwa m'kabuku. Wobadwa pa 10 Janyuwale ayambe kudya cha pa 10 Julayi. Pofika nthawiyo mudzaona kuti khosi lalimba, akutha kukhala pansi mukamuchirikiza, akulondola ndi maso chakudya chimene mukudya n'kumatambasula dzanja, ndiponso sakukankhira kunja ndi lilime chilichonse cholowa m'kamwa. Kumera mano si chizindikiro choyembekezera. Ana ena mano amachedwa. Mwana wobadwa masiku asanakwane, achipatala ndiwo akuuzeni nthawi yake. Mwezi womwewo mwana amalandiranso vitamini A koyamba, choncho ulendo wa kusikelo umenewo ndi mpata wabwino wofunsira mafunso.

Tsopano phala lenilenilo. Apa ndi pamene mabanja ambiri amene anadikira bwino miyezi 6 amaphonyera. Phala loyenderera ngati thobwa, lochita kumwetsa, limadzaza mimba ndi madzi. Likhale lolimbirako, losagwa msanga mukapendeketsa supuni. Yambani ndi masupuni aakulu awiri kapena atatu, kawiri pa tsiku, mutayamba mwamuyamwitsa. Pakati pa miyezi 6 ndi 8 adye kawiri kapena katatu pa tsiku. Kuyambira miyezi 9 adye katatu kapena kanayi, ndi tina tapakati monga nthochi kapena papaya. Masiku oyamba adzalavula ndi kukwinya nkhope. Sikuti wakana, akuphunzira. Musamukakamize kapena kumutsina mphuno.

Ufa wa mgaiwa umaposa ufa woyera, koma nawonso pawokha sukwanira. Magulu 6 a zakudya amene alangizi amaphunzitsa amayambira pa mwana yemweyu: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, ndiwo zamasamba, zipatso ndi mafuta. Sizifuna kugolosale. Thirani nsinjiro kapena ufa wa soya m'phala. Kazingani usipa, muusinje n'kuusefa, muzithirako pang'ono. Dzira lophika bwino, nkhwani kapena bonongwe wosinja, mbatata yofiira mkati, peyala lopota ndi kasupuni ka mafuta ophikira, zonsezi mwana wa miyezi 6 angathe kudya. Mtedza ndi chimanga muzisankha bwino, chifukwa zachuku zimakhala ndi poizoni woononga chiwindi. Uchi udikire mpaka atakwanitsa chaka. Zakumwa zotsekemera ndi tokometsera ta m'mapaketi timene tadzaza m'misika yathu timangopha chilakolako cha chakudya.

Abambo, usipa ndi mazira zimafuna ndalama kapena chilolezo chanu, ndipo nkhuku zoikira pakhomo zisamangothera kumsika. Agogo, mawu anu pakhomo amamveka kuposa a mlangizi, choncho tikupemphani kuti muziperekeza apongozi anu kapena ana anu kusikelo kuti mukamve nokha ndi kufunsa zimene mukukayika. Womudyetsa mwana asambe m'manja ndi sopo, amupatse mbale yakeyake kuti zidziwike kuti wadya zochuluka bwanji, ndipo phala lotsala m'mawa lisaperekedwe madzulo lisanatenthetsedwenso mpaka kuwira.