Dziwani ufulu wanu: zimene zili m'paketi ya mwana wanu

Makolo a ku Chikwawa ndi Nsanje, muli ndi ufulu wodziwa zimene zili m'chakudya chimene mukugulira ana. Lamulo loteteza ogula la 2003 limaletsa kugulitsa katundu woika moyo pachiswe, ndipo bungwe la Malawi Bureau of Standards (MBS) limafuna kuti paketi ya chakudya ionetse zimene zathiridwamo, dzina la wopanga ndi tsiku lothera ntchito.

Majuwisi ndi tizakumwa totsekemera timene ana amagula pa Nchalo, Ngabu kapena Bangula nthawi zambiri timakhala ndi mankhwala oletsa kuwonongeka, monga sodium benzoate. Mankhwalawa ndi ololedwa, koma pamlingo wake. Vuto n'lakuti thupi la mwana ndi laling'ono. Ndi kutentha kwathu kuno kuchigwa, mwana amamwa kangapo patsiku, ndiye mankhwala amamuchulukira msanga kuposa munthu wamkulu. Mankhwala ena, otchedwa sulphites, amatha kudzutsa mphumu.

Paketi ikakhala yopanda zolemba, tsiku litafufutidwa, kapena botolo litafufuma pokhalitsa padzuwa, musagule. Ikalembedwa m'Chipwitikizi, ngati katundu wina wodzera pa malire a Marka, funsani wogulitsa akufotokozereni.

Mwana akadwala atadya, thamangirani naye kuchipatala kaye. Kenako kadandauleni kwa alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, ku khonsolo ya boma, ku MBS kapena ku Competition and Fair Trading Commission. Tengani paketiyo ndi zotsala zake, lisiti ngati anakupatsani, buku la kuchipatala la mwana, ndipo mukanene malo ndi tsiku limene munagula.