Phunziro 7: Mapu a pa Kompyuta Oyendetsera Sitima za Pamadzi

Zolinga

Pomaliza phunziroli muzitha:
1. kusiyanitsa mitundu iwiri ya mapu a pa kompyuta;
2. kufotokozera ophunzira anu ubwino ndi malire a mapuwa.

Aphunzitsi anzanga, feteleza ndi mafuta ambiri amene timagwiritsa ntchito amatsikira pamadoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Nanga woyendetsa sitima amadziwa bwanji pamene pali mwala pansi pa madzi? Amadalira mapu osonyeza kuya kwa nyanja.

Mitundu iwiri

Mtundu woyamba ndi chithunzi chabe cha mapu a papepala choikidwa mukompyuta. Wachiwiri, wotchedwa ENC, umasunga kuya, miyala ndi nyali zapagombe, chilichonse pachokha. Makina a ECDIS amawerenga zimenezi pamodzi ndi GPS, ndipo sitima ikalunjika posaya amaliza belu.

Malamulo ake

Sitima imodzi imadutsa m'maiko ambiri, choncho mapu ayenera kupangidwa mofanana. Bungwe la IHO, la ku Monaco, lidakonza muyezo wotchedwa S-57. Bungwe la IMO, la ku London, lidavomereza malamulo a ECDIS mu 1995, ndipo kuyambira 2012 mpaka 2018 sitima zikuluzikulu zidakakamizidwa kukhala ndi makinawa.

Kodi akupezeka paliponse?

Makina sadziwa mwala umene anthu sadauyeze, ndipo mbali yoposa theka ya pansi pa nyanja zamchere sidayezedwebe bwino. Komanso mapu angakhalepo koma sitima osawatenga. Mu 2020 sitima ya Wakashio idagunda matanthwe pafupi ndi Mauritius, nkutaya mafuta pafupifupi matani 1,000. Ofufuza adapeza kuti idasendera kugombe ilibe mapu atsatanetsatane a dera limenelo.

Za m'tsogolo

Muyezo watsopano wa S-100 umalola kuphatikiza mapu ndi uthenga wa kudzaza ndi kuphwa kwa nyanja komanso mayendedwe a madzi. IMO idagamula kuti makina oikidwa kuyambira 2029 azitsata muyezowu. Dziko la America lidasiya kale kukonza mapu ake akale a papepala.

Ntchito

Jambulitsani ophunzira mapu a dziwe kapena mtsinje wapafupi, ayeze kuya ndi nsungwi ali pamtunda, inu mulipo. Kenaka afunseni: pamene sitidayeze tilembepo chiyani? Lembani mayankho awo m'kope lanu, mudzakambirane ndi anzanu pamkumano wotsatira.