PHUNZIRO LA MWEZI UNO: KUGULA NYUMBA PAFUPI NDI MAWAYA A MAGETSI

Aŵerengi athu, mizinda ikukula ndipo malo omangapo nyumba akusoŵa. Kaŵirikaŵiri puloti kapena nyumba yotsika mtengo imapezeka pafupi ndi nsanja zachitsulo zonyamula mawaya, kapena pambali pa thiransifoma. Kodi banja lingakhale pamalo otere popanda kuika moyo pachiswe?

Tiyeni tiyambe tawadziŵa mawayawo. Magetsi ambiri a m'Malaŵi amapangidwa pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kuti afike kutali, amayendetsedwa pa mphamvu yaikulu ya mavoti 66,000 kapena 132,000, ndipo mawaya ochokera ku Phombeya kukafika ku Nkhoma anamangidwa kuti anyamule mavoti 400,000. Mawaya a m'makwalala amanyamula mavoti 33,000 kapena 11,000, kufikira thiransifoma itatsitsa mphamvuyo kukhala mavoti 230 amene timagwiritsa ntchito m'nyumba. Ngati mavoti 230 amapha munthu, nanga zikwizikwi zija?

Kodi Mawaya Amayambitsa Khansa?

Waya aliyense wodutsa magetsi amatulutsa mphamvu ya maginito yosaoneka ndi maso. M'chaka cha 1979, Nancy Wertheimer ndi Ed Leeper analemba kuti mumzinda wa Denver ku United States khansa inkapezeka mochulukirapo mwa ana okhala pafupi ndi mawaya onyamula magetsi ambiri. Kafukufuku wina wochuluka anatsatira. Mu 2002 bungwe loona za khansa la IARC linaika mphamvuyi m'gulu la zinthu zimene mwina zingayambitse khansa, makamaka khansa ya m'magazi mwa ana. Mu 2007 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena kuti umboni umene ulipo ngosakwanira kutsimikiza kuti mphamvuyi ndiyo imayambitsa matendaŵa.

Tidziŵenso kuti khansa ya m'magazi mwa ana ndi nthenda yosoŵa, ndiponso kuti mphamvu ya maginito imachepa msanga munthu akamatalikira waya. Khoma siliitchinga, koma mtunda umaichepetsa. Pa mamita 100 kuchokera pa mawaya aakulu, kaŵirikaŵiri imakhala yochepa ngati ya m'nyumba ina iliyonse ya magetsi.

Ngozi Yeniyeni

Choopsa chotsimikizika ndi magetsi enieniwo. Mawaya a pamwamba ambiri alibe chokutira. Magetsi amphamvu amalumpha mumpweya, kotero munthu angapse asanakhudze n'komwe waya. Pa nthaŵi yotentha chitsulo chimafutukuka, ndipo waya amalendeŵera pansi kuposa masiku ena. Mmisiri wokhoma malata, mnyamata woimika eriyo, mwana wothyola mango ndi nsungwi yaitali, onseŵa ali pangozi. M'nyengo ya mvula, mtengo ukagwera waya, nthaka yozungulira pamene wagwerapo imakhalanso ndi magetsi.

N'chifukwa chake pansi pa mawaya aakulu ndi mbali zake zonse ziŵiri pamasiyidwa mpata woletsedwa kumangapo. Womanga mumpatamo angathe kugwetseredwa nyumba, ndalama za thukuta lake n'kuloŵa m'madzi.

Zoyenera Kuchita Musanalipire

1. Pitani nokha mukaone malowo. Yang'anani kumwamba ndi mbali zonse. Musadalire mawu a wogulitsa okha.

2. Funsani ku ofesi ya ESCOM mphamvu ya mawayawo ndi kukula kwa mpata woletsedwa, kenaka mukayese mtundawo ndi tepi pansi.

3. Onetsani mapepala a malowo ku khonsolo kapena ku ofesi yoona za malo.

4. Ngati pali thiransifoma, onani ngati ili pamwamba kapena mumpanda wolimba umene ana sangaloŵemo, ndiponso ngati sikudontha mafuta.

5. Ganizirani za maŵa. Kodi mudzatha kuonjezera chipinda, kuimika thanki kapena kubzala mitengo osayandikira mawaya?

Ngati Mukukhala Kale Pamalo Otere

Musabzale bulugama kapena mitengo ina yaitali pansi pa mawaya. Musatenthe zinyalala pamenepo, pakuti utsi ndi moto zimathandiza magetsi kulumpha. Phunzitsani ana kuti asakwere nsanja kapena kuseŵera pa thiransifoma. Mukaona waya wagwa, imani patali mamita osachepera 10, chenjezani anzanu ndipo dziŵitsani a ESCOM. Munthu akagwidwa ndi waya wotere, musamuyandikire ngakhale ndi ndodo youma kufikira magetsi atazimitsidwa. Pamenepo fulumirani naye kuchipatala, chifukwa magetsi amaotcha m'kati mwa thupi ngakhale bala la pakhungu lioneke laling'ono.

Alangizi a zaumoyo akambirane phunziroli ndi mafumu ndi makomiti a zaumoyo m'madera awo. Nyumba yotsika mtengo imakopa mtima, koma mtengo wa moyo wa mwana palibe angautchule. Kumbukirani: kupeŵa kumaposa kuchiza.